Maphunziro 6 a gofu kumpoto kwa Johannesburg: zimene anakonza pa kamenyedwe kanga ka mpira

Ndasewera gofu kwa zaka 7, zambiri mwa zakazi kuno ku Johannesburg kumene ndimagwira ntchito, ndipo vuto limene lakhala likundisowetsa mtendere silinali la mphamvu ayi, koma la mmene ndodo imakumanirana ndi mpira. Nthawi zina ndodo inkayamba yakumba nthaka isanafike pa mpira, moti mpirawo unkangodumpha n'kugwa pafupi, ndipo nthawi zina m'mphepete mwa ndodo munkamenya mpira pamimba, n'kumathamanga chokwawa mpaka kupitirira dzenje. Mu Meyi chaka chino ndinalipira maphunziro 6 pa bwalo lina loyesererapo kumenya mipira kumpoto kwa mzindawu, ndipo popeza anzanga a ku Malawi amene timasewera limodzi Lamlungu ku bwalo la gofu la Huddle Park akhala akundifunsa ngati ndalamayo inapita pabwino, ndaganiza zofotokoza zonse bwinobwino.

Ndinalipira R3,600, ndipo phunziro lililonse linali la mphindi 45. Pa mtengo umenewu pankabwera ndowa ya mipira, kanema wojambulidwa kutsogolo ndi kumbuyo kwanga amene ankanditumizira pa WhatsApp madzulo ake, komanso makina a TrackMan, omwe amagwiritsa ntchito radar poyeza liwiro la ndodo, njira imene yadzera ndiponso mmene mpira waulukira. Mphunzitsi wake ndi bambo wachikulire wa satifiketi ya bungwe la akatswiri a gofu la PGA of South Africa, wosalankhula zambiri, ndipo amayamba wayang'ana kwa nthawi yaitali asananene kanthu.

Tsiku loyamba sanandisinthe chilichonse. Anandipatsa 7 iron yanga yomwe, ndodo yachitsulo yomenyera mitunda yapakati, anapopera ufa woyera wa mankhwala a kumapazi pankhope ya ndodoyo, kenako anajambula mzere pa kapinga ndi kundiuza kuti ndiziika mpira pamzerepo. Nditamenya mipira 20 tinawerama tonse awiri n'kuyang'ana zizindikiro zimene zinatsala. Pankhope ya ndodo, mipira yambiri inali itadinda chakufupi ndi mpini, mbali imene osewera amaitcha chidendene, osati pakati. Pa kapinga, pafupifupi mabala onse anayambira kumbuyo kwa mzere, ena ndi masentimita 5 athunthu. Makina aja anangotsimikizira zimene ufa ndi mzere zinali zitaonetsa kale, zoti pofika pa mpira ndodo yanga inali itayamba kale kukwera, pamene akatswiri a PGA Tour, mipikisano yaikulu ya gofu ya ku America, amamenya mpira ndi 7 iron ndodo ikadali kutsika ndi madigiri pafupifupi 4.

Apa m'pamene ndinaona kuti bamboyu amadziwa kuphunzitsa, chifukwa anandifotokozera chinthu chimene ndinali ndisanachimvetse zaka zonsezi. Mutu wa ndodo umayenda mozungulira ngati uta, ndipo uta umenewu uli ndi malo amodzi otsikitsitsa. Mpira ukakhala pansi, malo otsikitsitsawo ayenera kukhala kutsogolo kwa mpira, kuti ndodo iyambe yakhudza mpira kenako n'kuzula kapinga. Ambirife timachita zosiyana chifukwa maso amatiuza kuti mpira uli pansi ndipo tiyenera kuunyamula, choncho timalowetsa ndodo kunsi kwake monga mmene mayi amalowetsera chipande mumphika poomola nsima, thupi litapendekera kumbuyo. Komatu ntchito yokweza mpira inachitika kale kufakitale: nkhope ya 7 iron inapendekeka ndi madigiri a pakati pa 28 ndi 34 malinga ndi mtundu wake, ndipo kupendekeka kumeneko n'kumene kumautumiza m'mwamba. Anawonjezeranso kuti mpira umakhala pankhope ya ndodo kwa nthawi yosakwana gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi, moti palibe munthu amene angakonze kanthu ndi manja pa nthawi imeneyo. Zonse ziyenera kukhala zitakonzeka ndodo isanafike.

Pa maphunziro atatu otsatira anandisintha zinthu zitatu zokha, ndipo chimene ndikuyamikira kwambiri n'choti sanapitirire pamenepo. Mpira ndinkauika pafupi ndi phazi lakumanzere pa ndodo iliyonse, iye anaubweza kuti pa ma iron apakati uzikhala chapakati pa miyendo, patsogolo pang'ono chabe. Anandisunthanso kuti ndiime motalikirako ndi mpira ndi masentimita awiri kapena atatu, chifukwa ndinkaupanikiza kwambiri, manja n'kumasowa podutsa, ndipo n'chifukwa chake unkagunda kuchidendene. Ziwirizi ndinazizolowera pa mlungu umodzi. Chachitatu ndicho chinatenga nthawi ndi thukuta.

Chinali chokhudza kulemera kwa thupi. Ndikakweza ndodo kumbuyo, thupi langa lonse linkasamukira pa mwendo wakumanja n'kutsalira komweko, moti pomenya mpira chifuwa changa chinkakhala kumbuyo kwake. Mphunzitsiyo anafuna kuti ndodo isanamalize n'komwe kukwera, phazi lakumanzere likhale litayamba kuponda nthaka mwamphamvu, ndipo pomaliza pafupifupi thupi lonse liime pa mwendo umenewo, lamba atayang'ana kumene mpira ukupita. Pofuna kuti thupi limve zimenezi, ankandiimika miyendo pamodzi, n'kundiuza kuti ndikweze ndodo, ndiponde sitepe kumanzere kenako ndimenye, mofanana ndi mmene mnyamata amachitira pogenda mango mumtengo, pomwe mwendo umatsogola dzanja n'kutsatira. Ankayalanso thaulo lopinda kumbuyo kwa mpira pa mtunda wa chikhatho chimodzi, ndipo ndikangoligunda ndinkadziwa ndekha kuti ndabwerera ku chizolowezi chakale. Kwa milungu iwiri sanandilole kuzunguza ndodo mokwanira, ndinkangofika theka, manja osapitirira m'chiuno. Pa milungu imeneyi masewera anga a Lamlungu anaipiraipira kuposa kale, chifukwa thupi linali pakati pa njira yakale ndi yatsopano, ndipo ndikuthokoza kuti anali atandichenjeza pasadakhale kuti zidzatero, apo ayi ndikanasiyira panjira.

Ndinkayembekezera kuti ayamba ndi kagwiridwe kanga ka ndodo, popeza makanema ambiri a pa YouTube amayambira pamenepo, koma atayang'ana manambala anati nkhope ya ndodo ikufika pa mpira italunjika mokwanira, choncho palibe chifukwa chogwedezera chinthu chimene chikugwira ntchito. Maganizo amenewa ndimagwirizana nawo ndi mtima wonse, ndipo mbiri ya gofu ya dziko lino ikuwachitira umboni. Papwa Sewgolum wa ku Durban, amene anayamba monga caddie, wonyamulira osewera ndodo, ankagwira ndodo mopingasa, dzanja lamanzere lili kunsi kwa lamanja, kagwiridwe kamene mphunzitsi aliyense angakakane, komabe anapambana mpikisano wa Dutch Open mu 1959, 1960 ndi 1964, ndipo mu 1965 anaposa Gary Player, katswiri wotchuka wa gofu wa dziko lino, pa mpikisano wa Natal Open. Mpira sudziwa mmene munthu akuonekera pomenya, umangomvera kumene nkhope ya ndodo yaloza, liwiro lake ndi malo amene yaukhudza.

Tsopano ndinene chimene chinandikhumudwitsa, chifukwa ndi chachikulu ndipo chikukhudza phindu lenileni la maphunzirowa. Maphunziro awiri oyambirira anachitikira pa kapinga weniweni, koma Juni atalowa malo a kapinga anatsekedwa, ndipo anayi otsalawo tinachitira pa kapeti ya pulasitiki. Chifukwa chake n'chomveka, pakuti kapinga wa kikuyu amene ali m'mabwalo ambiri a kuno amagona m'nyengo yozizira, amauma n'kufiira chifukwa cha chisanu ndi kusowa kwa mvula, moti akazulidwa saphukanso mpaka kutafunda. Cholakwika n'choti polandira ndalama zanga palibe amene anandiuza zimenezi, ngakhale kuti ndinanena momveka kuti vuto langa ndi kukumba nthaka. Kapeti ndi chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere: ndodo ikagunda kumbuyo kwa mpira imatsetsereka pa pulasitiki n'kukaumenyabe, mpira n'kuuluka mooneka bwino, pamene pa nthaka yeniyeni ukanagwa pamphuno pomwepo.

Amene anandiululira zimenezi si mphunzitsi ayi, koma mkulu wina wa ku Dedza amene wasamalira kapinga wa pamalopo kwa zaka zambiri, ndipo tinadziwana atandimva ndikulankhula Chichewa pa foni. Tsiku lina ataona kuti ndikusangalala ndi mmene mipira inkaulukira, anandiyandikira n'kunena motsitsa mawu kuti, “Achimwene, musakhulupirire maso okha pa kapetipa, mverani ndi khutu. Mukamva kulira kuwiri, kwa pansi kenako kwa mpira, dziwani kuti mwayamba kumenya pansi.” Ndinawayankha kuti, “Zikomo kwambiri akulu, mwandithandiza,” ndipo kuyambira tsiku limenelo sindinamenyenso mpira pa kapeti popanda thaulo lija kumbuyo kwake. Nditamufotokozera mphunzitsi, anavomereza ndipo anayamba kundisonyeza pa makina nambala yoonetsa pamene uta wa ndodo watsikitsitsa, koma ndikuona kuti iyeyo ndiye anayenera kuyamba kundichenjeza.

Manambala a mtunda nawonso amafunika kuwamva mosamala. Johannesburg ali pamalo okwera mamita pafupifupi 1,750 pamwamba pa nyanja yamchere, mpweya wake ndi wopepuka, ndipo osewera a kuno amawerengera kuti mpira umapita patali ndi pafupifupi 10 peresenti kuyerekeza ndi ku Durban kapena Cape Town. Lilongwe ndi Blantyre ali pa mamita ongopitirira pang'ono 1,000, choncho amene wazolowera mitunda ya kuno akapita kutchuthi kumudzi n'kukasewera ku Lilongwe Golf Club adzaona mipira yake ikuperewera pang'ono. Kumbali ina, mipira ya pa malo oyesererapo ndi yolimba komanso yotha, ndipo siuluka ngati imene timasewerera pabwalo. Makinawa ali ndi njira yowongolera manambala poganizira zimenezi, koma ndinazidziwa pa phunziro lachinayi nditachita kufunsa ndekha.

Phunziro la driver, ndodo yaitali yomenyera mpira patali kwambiri, linali limodzi lokha ndipo linachitika mothamanga. Mfundo yake ndi yosiyana ndi ya ma iron, chifukwa mpira umakhala pa tee, kamtengo kozika pansi kokwezera mpira, moyang'anizana ndi chidendene cha phazi lakumanzere, ndipo ndodo iyenera kuupeza itadutsa kale malo otsikitsitsa aja, koma mphindi 45 sizinakwane kuti ndizigwire bwino. Phunziro lina analisuntha kutatsala ola limodzi, ine ndili kale pa mzere wa magalimoto mumsewu wa N1, ngakhale kuti anapepesa ndi kundiwonjezera ndowa ya mipira.

Pa tsiku lomaliza ndinapempha kuti tibwereze mayeso a tsiku loyamba, ndipo anandilola kuchitira pa kachigawo ka kapinga kumapeto kwa bwalo. Mwa mipira 20, pa 14 ndodo inakhudza nthaka pamzere kapena kutsogolo kwake, ndipo ufa uja unaonetsa kuti zizindikiro zasunthira pakati pa nkhope ya ndodo, ngakhale kuti zingapo zinali zikadali kuchidendene. Liwiro la ndodo silinasinthe kwenikweni, komabe 7 iron imene inkandipatsa mamita 135 tsopano ikufika pa 147, ndipo chimene chimandisangalatsa koposa n'choti mipira yambiri ikugwera pafupipafupi, osati wina apa wina uko. Kamvekedwe nakonso kasintha, ndi kulira kumodzi kouma, ndipo m'manja simumvekanso kunjenjemera kuja. Pa nthaka yolimba ya mu Julayi ndi Ogasiti, imene sikhululukira ndodo yofika msanga pansi, ndatsika kuchoka pa handicap ya 21 kufika pa 18, nambala yoyezera luso imene imatsika munthu akamasewera bwino.

Kwa mnzanga amene akuganiza zolipira, R3,600 si ndalama yochepa kwa munthu amene amatumizanso thandizo kumudzi mwezi ndi mwezi, choncho ndinganene kuti maphunzirowa ndi oyenera amene wasewerapo kale, akudziwa vuto lake, ndipo angathe kupatula masiku awiri pa mlungu oyeserera payekha pakati pa phunziro ndi linzake. Ine ndinkachita zimenezi Lachiwiri ndi Lachinayi ndikaweruka, ndipo theka la ntchitoyo ndinkaichitira kunyumba popanda mpira, ndi thaulo komanso mzere wa choko. Amene akungoyamba kumene angachite bwino kulowa m'gulu la Loweruka m'mawa limene ndi lotsika mtengo, chifukwa manambala a makina sangamuthandize panobe. Ndikulangizanso kuti mulembetse pakati pa Okutobala ndi Malichi pamene kapinga ali wobiriwira, ndipo musankhe nthawi ya m'mawa, popeza masana a dzinja kuno kumagwa mvula ya ziphaliwali imene imachititsa kuti aliyense achoke pabwalo.

Ine ndabwereranso kwa mphunzitsi yemweyo, ndipo ndalembetsa maphunziro ena awiri mu Novembala, onse a driver ndi fairway wood, ndodo inanso yomenyera patali. Ndisanalipire ndinapempha kuti anditsimikizire pa uthenga wolemba kuti tidzaima pa kapinga weniweni, ndipo anavomera.