Tebulo la mlombwa la makina anga a Juki, patatha chaka ndi miyezi

Mlamu wanga wa ku Katete wagula mutu wa makina aakulu osokera wopanda tebulo, ndiye wandifunsa pa foni kuti, "Alamu, ndikhometse kwa kalipentala ngati munachitira inu, kapena ndiitanitse lopangiratu ku Lusaka?" Yankho lake silokwana pa foni, n'chifukwa chake ndalemba pano kuti ndi matelala ena amve nawo.

Makina anga ndi Juki DDL-8700. Mutu wokha umalemera makilogalamu 28, ndipo ukaponda mpaka pansi umatha kubaya kokwana 5,500 pa mphindi imodzi. Tebulo la m'nyumba silingapirire zimenezo. Langa tinakhoma mu Malichi chaka chatha, masentimita 120 m'litali, 55 m'lifupi, matabwa atatu a mlombwa olumikiza ndi guluu. Kalipentala anati K1,900 ya ku Zambia, ndipo miyendo yachitsulo anandiwotcherera mnyamata wina kufupi ndi msika wa Kapata, kuno ku Chipata, pa K850.

Miyendoyo ndilibe nayo mawu, sinagwedezekepo. Chopondera ndi chokwezera cha pabondo zili pamalo ake, msana sundipweteka. Dirowa imatseguka bwino. Chiswe chayendayenda m'khoma la shopu koma thabwa sichinalilawe.

Vuto linabwera ndi dzuwa la Okutobala. Matabwa aja anali asanaume, poti tinakhoma nthawi ya mvula. Kutentha kutafika, polumikiza pa kumbuyo panatseguka mng'alu woti singano ikagwerapo osaipezanso, ndipo thabwa la kumbuyolo linapindika ngati chikwa cha nyemba chouma. Amene simunaonepo makinawa, dziwani kuti mutu sumangidwa ndi mabauti. Umangokhala m'bowo lodulidwa patebulo, pa timphira ta m'makona anayi, kumbuyo kuli mahinjesi awiri, pansi pali beseni la mafuta. Thabwa litapindika, kona imodzi inatsala m'malere. Ndikasoka pang'onopang'ono zonse zinali bwino, koma ndikangothamangitsa, sizasi imayenda yokha patebulo mpaka kugwa. Lamba anayamba kukhula m'mphepete mwa mpata wake, madzulo ndimapeza fumbi lakuda pamwamba pa mota. Malamba awiri anatha Khirisimasi isanafike.

Chimene chinandiwawa kwambiri ndi mafuta. Beseni linapendekeka, mafuta n'kumasonkhana mbali imodzi, ndipo pakagalasi kapamwamba pamutu, pamene umaonera ngati pampu ikukoka, nthawi zina pamangokhala gwa, osaoneka kanthu. Ndikawonjezera, amasefukira pakona yotsikayo n'kulowerera m'thabwa. Mu Januwale, masukulu ali pafupi kutsegula, ndinali ndi mashati oyera a yunifomu mulu wonse. Anayi anatuluka ndi dontho lachikasu pakolala. Mayi wina wa ku Mchini anatenga shati la mwana wake, kuliyang'ana, n'kunena kuti, "Atelala, mwanayu akalowe nalo bwanji m'kalasi?" Ndinagula nsalu ina ndi ndalama zanga. Sabata imeneyo mukanandifunsa, ndikanati tebuloli ndi nkhuni basi.

Kalipentala poyamba anakana. Pa foni anati, "Amayi, mlombwa supindika, simenti ya m'shopu mwanu ndiyo yokhota." Ndinawapempha kuti abwere ndi levulo yawo. Anaiika pansi, kamadzi kali pakati. Anaiika patebulo, kamadzi kathawira kumapeto. Anakhala kaye chete, kenako anati matabwawo anawagula kwa anthu ocheka m'tchire ndipo anawauza kuti ndi ouma. Apa ndiwayamikire bamboyo, chifukwa sanazembe. Analitenga pa ngolo, anamanga zitsulo ziwiri za angle iron kunsi mopingasa, anapala pamwamba, n'kudulanso makona a bowo kuti timphira tonse tigwire. Tebulo linabwerera mwambo wa Angoni wa Nc'wala uli pafupi, nthawi imene maoda amachuluka, ndipo kuyambira pamenepo silinasunthe. Okutobala wachiwiri wadutsa, mng'alu sunabwerere. Panopa ndimalikonda, makamaka posoka nsalu zolemera, chifukwa kulemera kwa mlombwa kumameza kunjenjemera konse.

Koma ndikawerengera ndalama mtima umatsikanso. Zitsulo zija ndinalipira ine K400, kuphatikizapo malamba, mafuta otayika, nsalu ya mashati, ndi masiku amene mutu unali pamkeka ntchito itaima. Zonse pamodzi zinapitirira mtengo umene anandiuza wa tebulo lopangiratu la Formica, lomwe limabwera bowo lake lodulidwa kale molingana ndi mutu. Ubwino wa langa ndi woti thabwa la mlombwa silifufuma likanyowa, pomwe lopangiratu la utuchi wopanikiza likamwa madzi latha.

Amene mukufuna kukhometsa, pitani ndi beseni la mafuta ndi mahinjesi kwa kalipentala kuti ayeze pa chinthu chenicheni. Funsani kuti matabwa anachekedwa liti, ndipo zitsulo za kunsi ziikidwe tsiku loyamba lomwe. Ndalama musapereke zonse. Ine ndinatsala ndi K300 yawo, ndipo ndikhulupirira kuti inathandiza kuti abwere ndi levulo ija. Ndinawapatsa atamaliza kukonza, koma za K400 ya zitsulo tikukambiranabe. Iwo akuti ntchito anagwira yaulere, ine ndikuti tigawane pakati, poti matabwa aawisi anasankha ndi iwo.