Nthumbwana za kwa mayi a mpango pa Chitakale

Mukatsika minibasi ya ku Limbe pa Chitakale n'kulowera kuseri kwa mashopu, mupeza kachipinda kopaka utoto wobiriwira. Chikwangwani chake chinafufutika ndi dzuwa, mawu owerengeka anatsala amodzi okha: Halaal. Eni ake ndi mayi wina wachisilamu amene mpango suchoka kumutu ngakhale kukhitchini kutenthe chotani. Ndadyako kanayi tsopano.

Chimene chimandikokera kumeneko ndi nthumbwana. Amene munagulapo zam'kati mwa mbuzi pamsewu mukudziwa kafungo kaja kosonyeza kuti wotsuka anali pachangu. Kuno kulibe. Matumbo amatsukidwa mpaka kuyera, n'kukulungidwa molimba pachifu, ndipo msuzi wake ndi wa tomato ndi anyezi weniweni, osati madzi ofiira ongonamizira. Mitanda itatu ya nsima ya ufa woyera, nkhwani zotendera pambali, ndinalipira K6,000. Mpunga wokha musaitanitse, umakhala phalaphala.

Ulendo wachitatu ndinapita ndi alamu anga, amuna awo a achemwali. Iwowa ndi mkulu wa mpingo wa Seventh Day ku Makwasa, kufupi ndi mishoni ya Malamulo imene inayamba mu 1902, ndipo chakachi amachitchula ngati analipo. Linali Lachitatu, njala itatipweteka. Atangoona chikwangwani anaima njii.

"Alamu, muno ayi. Simudziwa kuti anthu awa amathira m'chakudya madzi osambitsira maliro kuti makasitomala azibwera?"

Nkhani imeneyi ndinayamba kuimva ndili mwana, ndipo mpaka lero sindinakumanepo ndi munthu amene anaona ndi maso ake. Nthawi zonse amakhala "anandiuza wina wake". Ikufanana ndi ija ya nthawi ya a Bakili Muluzi, yoti dziko lonse alisandutsa lachisilamu. Analamulira kuyambira 1994 mpaka 2004, matchalitchi amangochulukirachulukira. Sindinafune kukangana nawo. Ndinangowalozera chiwaya cha patsidya pa msewu, pomwe mnyamata amakazinga kapado ndi tchipisi m'mafuta amodzi, n'kuwauza kuti asankhe okha. Anayang'ana chiwayacho, anayang'ana chitseko, analowa.

M'katimo anayamba kufunsa mayi aja ngati wapolisi. Mbuziyi wapha ndani? Mayiwo sanakwiye, zikuoneka kuti mafunso oterewa anawazolowera. Anafotokoza kuti mbuzi amagula yamoyo, amaichinja ndi achimwene awo m'mamawa. Mpeni uyenera kukhala wakuthwa, nyama iyang'ane ku Makka, wochinja atchule dzina la Allah, adule pakhosi, magazi onse atuluke. Yofa yokha sakhudza, ngakhale wogulitsa atatsitsa mtengo bwanji. Anati Korani, sura yachiwiri ndime 173, imaletsa zinthu zinayi: nyama yofa yokha, magazi, nkhumba, ndi chophedwa m'dzina la wina osati Mulungu.

Apa alamu nkhope inamasuka, poti anafika pamunda pawo. Anatchula Levitiko 11, pomwe nkhumba ikuletsedwa chifukwa ili ndi ziboda zogawanika koma sibzikula, ndi Levitiko 17 pa za magazi. Anagwirizana pa nkhumba, anagwirizana pa mbewa, anagwirizana pa mowa. Anasiyana pa kalulu, amene Asilamu a kuno amadya pomwe Levitiko amamukana, komanso pa mlamba. Mayiwo masiku ena amaphika mlamba wowamba, mumphika wakewake. Alamu anati mlamba ulibe mamba, choncho sulowa m'kamwa mwawo. Atawapatsa tiyi anakananso. Tangoganizani, munthu wokulira pakati pa minda ya tiyi, amene akatsegula zenera amaona tiyi yekhayekha mpaka kumapiri! Mayi aja anaseka n'kunena kuti, "Ndiye bambo, malamulo anuwo ndi olimba kuposa athu." Anawabweretsera thobwa.

Kenako onse awiri anatembenukira kwa ine. Ine ndine Mlomwe wachikatolika, ndimadya mbewa, ngumbi, kapado, kalongonda, chilichonse chimene agogo anandiphunzitsa. Patebulopo wodetsedwa ndinali ine. Zinandikumbutsa kusekondale ku Blantyre, komwe anzanga ankanditcha Nguru wodya njoka ndipo wina anakana kubwereka supuni yanga. Njoka sindinailawepo chibadwire. N'chifukwa chake nkhani ya madzi a maliro ija ikamanenedwa ndimamva ngati akunena ine. Mayiwo nawonso sanabise za kwawo. Anati agogo awo, malemu, mbale imene wadyera Mkhristu ankaitsuka katatu ndi phulusa.

Chimene alamu anali asanaganizirepo n'choti nyama yochinja Msilamu akhala akudya zaka zonsezi. Kalembera wa 2018 anapeza kuti Asilamu ndi anthu pafupifupi 14 pa 100 aliwonse m'Malawi muno, ndipo wogulitsa mbuzi wanzeru safuna kutaya makasitomala amenewo. Amaitana Msilamu kudzachinja kuti aliyense agule. Ngakhale kumudzi kwathu, paukwati kapena pamaliro, mbuzi imadikira kaye mpeni wa Msilamu kuti pasapezeke mlendo wodyera nsima masamba okha. Nditawakumbutsa za ukwati wawo womwe, anangoti "hm" n'kutema nsima.

Zodandaula zilipo. Chakudya chimachedwa, tsiku limenelo tinadikira mphindi 40 chifukwa nsima amaphika mukaitanitsa, ndipo wothandiza ndi mtsikana mmodzi yekha. Nthumbwana zimatha 1 koloko isanakwane, mukachedwa mupeza nkhuku basi, yomwe ndi yabwino koma si yoyendera ulendo. Nyengo ya mango ntchentche zimavutitsa, mawindo akufunika sefa. Chenji nthawi zambiri chimasowa, ndiye konzekerani kulipira pafoni. Lachisanu masana amatseka kupita kumzikiti, amatsegulanso cha m'ma 2 koloko. Ulendo wanga woyamba ndinagogoda pachabe, n'kukadya nanazi pamsewu. Mwezi wa Ramadani amaphika madzulo okha. Mowa sagulitsa, ndipo wanu musalowe nawo. Tsabola wa kambuzi ali m'kabotolo patebulo ndi waukali zedi, thirani pang'ono.

Alamu anamaliza mbale yawo, anapukuta msuzi ndi nsima yotsala, kenako anaitanitsa nthumbwana zina zoti akulungiridwe, ati za achemwali. Potuluka anandinong'oneza kuti nkhaniyi isafike kumpingo. Usiku ndinaimbira achemwali kufunsa ngati ndiwo zakoma. Anandifunsa kuti ndiwo zake ziti.