UCE, B.Ed, masitazi kapena PGCE yakunja: itenge iti munthu wa digiri yosakhala ya uphunzitsi?

M'sukulu za sekondale zomwe si zaboma muno mu Lilongwe, kaya ku Area 25, ku Kawale kapena ku Likuni, muli anthu ambiri ogwira choko amene ku koleji sanaphunzire uphunzitsi. Wina ali ndi digiri ya ulimi ya ku Bunda, akuphunzitsa Biology ndi Agriculture. Wina anachita za chuma ku Zomba, apa amupatsa masamu a Fomu 3. Kale munthu ankatha kukalambira momwemo popanda womufunsa. Koma lamulo la maphunziro la 2013 linakhazikitsa Teachers Council of Malawi, bungwe lolemba aphunzitsi m'kaundula ndi kuwapatsa layisensi, ndipo pepala limene limalemera kumeneko ndi losonyeza kuti munaphunzira kaphunzitsidwe. Ku Teaching Service Commission, komwe amalemba aphunzitsi aboma, nakonso akatsatsa ntchito za ku sekondale kawirikawiri amafuna B.Ed, digiri ya uphunzitsi, kapena digiri ina yophatikiza ndi UCE, satifiketi ya uphunzitsi ya anthu amene ali ndi digiri kale.

Musanayambe kufunsa za fizi, tulutsani transcript yanu muiyale patebulo. Pepala limeneli ndi limene likusankhireni njira. Onani kuti ndi phunziro liti la pa silabasi ya sekondale limene munalichita mozama, kuchokera chaka choyamba mpaka chachitatu kapena chachinayi. Wa Biology, Chemistry, Physics, masamu, Geography, History, Chingerezi, Chichewa kapena ulimi, zake n'zosavuta. Wa Computer Science ali ndi Computer Studies, wa zaumulungu ali ndi Bible Knowledge, wa Accounting angaloze Business Studies ngakhale si sukulu zonse zimene zimaphunzitsa phunziroli. Vuto lili kwa wa Public Administration, Human Resource kapena Procurement. Digiri ndi yabwino ndithu, koma mukaisanthula mupeza masamu a semesita imodzi, Chingerezi cha semesita imodzi, basi. Kosi imodzi ya chaka choyamba siipanga munthu kukhala mphunzitsi wa phunzirolo.

Amene phunziro ali nalo kale, njira yake ndi UCE, University Certificate of Education. Anaikonzera anthu ngati inu, ndipo ndi yodziwika ku University of Malawi ku Zomba komanso ku Mzuzu University. Imatenga pafupifupi chaka chimodzi cha sukulu. Sakuphunzitsaninso Chemistry ayi, amaona ngati mumaidziwa. Amakupatsani zimene mulibe: mmene mwana amaphunzirira, kakonzedwe ka mayeso ndi kachongedwe kake, kayendetsedwe ka kalasi, njira zophunzitsira phunziro lanulo, kenako teaching practice, imene aliyense amangoti TP.

Pa TP ndi pamene anthu a madigiri amapunthwa, ndipo chimawagwetsa si umbuli. Tiyerekeze kalasi ya Fomu 2 pa CDSS ina kunja kwa tauni, ana atatu pa desiki imodzi, piriyodi ya mphindi 40. Woyendera wakhala kumbuyo, wapempha fayilo yanu: scheme of work, records of work, lesson plan ya tsikulo. Inu mwalemba ma success criteria anayi, zimene ana ayenera kukwanitsa pakutha pa phunzirolo, koma mwayamba kulankhula monga ankachitira lekichala wanu ku koleji, mawu akuluakulu, msana kwa ana, dzanja pa bolodi. Belu likulira muli pa mfundo yachiwiri, simunafunse mwana ndi mmodzi yemwe, ndipo "mwamva?" wanu wayankhidwa ndi "eee" wa pamodzi amene satanthauza kanthu. Woyendera salemba kuti simudziwa Biology. Amalemba kuti ana sanachite chilichonse, nthawi sinagawidwe, zipangizo panalibe. Mnzanu amene wabwera ndi duwa la nyemba kuti gulu lililonse lilithothole n'kutchula ziwalo zake, zimene amati TALULAR zija, kuphunzitsa ndi zipangizo zopezeka pafupi, apeza malikisi okuposani ngakhale digiri yake ili yofooka. Luso limeneli siliphunzirika m'buku, n'chifukwa chake pulogalamu iliyonse yopanda TP yoyenderedwa muiyang'ane ndi diso lokayika.

Zovuta za UCE kwa munthu wa ku Lilongwe ndi mtunda ndi nthawi. Zomba ndi Mzuzu konse ndi ulendo wa maola angapo pa basi. Maphunzirowa nthawi zambiri amawaika m'zigawo, kuti amene akuphunzitsa kale azipita pa holide, ndiye pa fizi onjezerani thiransipoti, malo ogona ndi chakudya cha milungu ingapo maulendo angapo. Ngati simukugwira ntchito pa sukulu, yambirani kale kufunafuna mphunzitsi wamkulu amene angakulandireni pa TP ndi kukupatsani makalasi enieni a phunziro lanu. Ogwira ntchito ku banki kapena ku bungwe amaiwala zimenezi, n'kudzazindikira mochedwa kuti bwana sangawamasule teremu yathunthu. Chinanso, malo satsatsa nthawi iliyonse imene inu mwakonzeka. Sungani makope otsimikizidwa a digiri, transcript ndi MSCE ali chikonzekere, ndipo muziona nyuzipepala ndi masamba a mayunivesitewo.

B.Ed ndi njira yaitali. Ukaiyamba pachiyambi ndi zaka zinayi, ndipo kwa munthu amene anavala kale gauni zimawawa kukhalanso pa benchi ndi ana omaliza Fomu 4 dzana. Koma kwa uja wa Procurement, amene transcript yake ilibe phunziro la ku sekondale, iyi ndiyo imamupatsa zonse ziwiri, phunziro lophunzitsa ndi kaphunzitsidwe kake. Ubwino wake wina ndi woti simusamuka. Mzuzu University ili ndi maphunziro a ODeL, ophunzira uli kwanu, ndipo ili ndi malo ake muno mu Lilongwe, ndipo mayunivesite a mipingo monga Nkhoma University amaphunzitsanso za uphunzitsi. Funsani ngati angakukhululukireni makosi ena potengera digiri yanu yoyamba, ndipo yankho lake likhale la pa kalata yosainidwa, osati la pakamwa pa munthu wa pa kauntala.

Apa pali msampha umene wagwira ambiri. National Council for Higher Education, NCHE, imavomereza sukulu payokha ndi pulogalamu payokha. Yunivesite ikhoza kukhala yolembetsedwa bwinobwino, koma B.Ed yakeyo, kapena nthambi imene mukuphunzirayo, isanavomerezedwe. Chikwangwani cha pamsewu sichinena zimenezo. Onani mndandanda wa NCHE, mupeze dzina la pulogalamu yeniyeniyo musanalipire ndi tambala yomwe. Safunsa anadya phula.

Tikaika ziwirizi pamodzi, wa digiri ya Chemistry amene akulembetsa B.Ed akuwononga zaka zitatu ndi ndalama zambiri pogula chinthu chimene UCE ikanamupatsa m'chaka chimodzi. Onse awiri akalowa m'boma amayambira giredi imodzi, TI, ya mphunzitsi wa digiri. Koma wa B.Ed amatuluka ndi maphunziro awiri ophunzitsa, pamene wa UCE nthawi zina amakhala ndi limodzi lokha lolimba, ndipo pa CDSS ya aphunzitsi ochepa munthu wa maphunziro awiri ndi amene mphunzitsi wamkulu amamulimbirana.

Tsono masitazi. Iyi ndi imene imakopa kwambiri, chifukwa munthu amaganiza kuti ndili ndi digiri kale, ndibwerere bwanji ku satifiketi, bola ndikwere pamwamba. Dzina la UCE limanyenga, mawu oti satifiketi amamveka ngati chinthu chaching'ono. Koma M.Ed, masitazi ya za maphunziro, ndi ya munthu amene ndi mphunzitsi kale. Za Policy, Planning and Leadership, za Testing, Measurement and Evaluation, za Curriculum, zonsezi ndi zokonzekeretsa anthu oyendetsa maphunziro, okonza mayeso, okonza silabasi ndi ochita kafukufuku. Mapeto ake ndi kulemba thesis, osati kuimirira pamaso pa Fomu 1 woyendera ali kumbuyo. Mayunivesite ambiri safuna n'komwe kukulandirani ku M.Ed ngati mulibe B.Ed kapena UCE, ndipo amene angakulandireni mosafunsa, makamaka a pa intaneti, akhoza kukusiyani ndi pepala lalikulu la zaka ziwiri limene silikuyankha funso loti munaphunzira liti kuphunzitsa. Ndondomeko yanzeru ndi UCE poyamba, zaka zingapo m'kalasi, masitazi pambuyo. Pamenepo imagwira ntchito yake, pofuna ulekichala ku TTC (makoleji a aphunzitsi a pulayimale), ku Nalikule kapena ku Domasi, kapena udindo ku MANEB ndi ku Malawi Institute of Education.

PGCE yakunja, satifiketi ya uphunzitsi imene mayunivesite a mayiko ena amapereka kwa anthu a digiri, ili ndi msika wakewake. Sukulu zotsata silabasi yakunja ya Cambridge kapena IB, monga Bishop Mackenzie, zimaidziwa PGCE kuposa UCE, ndipo amene maso ake ali kumeneko kapena kunja kwa dziko sakulakwa kuiganizira. Koma werengani bwino dzina lake. PGCEi ya University of Nottingham, mwachitsanzo, imachitika pa intaneti ndipo ndi maphunziro enieni, koma siipereka QTS, chilolezo chophunzitsira ku England. Anthu amasokoneza PGCEi ndi PGCE yopereka QTS. Fizi ndi ya mapaundi kapena marandi, ndipo aliyense amene anayesapo kupempha ndalama zakunja ku banki akudziwa mzere wake. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, amene anali pakati pa maphunziro otere anadzuka ngongole yawo itakula usiku umodzi. Pepala lakunja liyeneranso kukaunikidwa ku NCHE lisanagwire ntchito kuno, ndiye funsani za pulogalamuyo musanayambe, osati mutamaliza. Ndipo PGCE yakunja siikuphunzitsani silabasi ya MSCE, kafunsidwe ka MANEB, kapena chochita ndi kalasi yodzaza yokhala ndi mabuku asanu. Amene cholinga chake ndi sukulu yaboma, ndalama zimenezo angozisunga.

Ena amafunsa za Nalikule College of Education, poti ili pafupi ndi mzinda, ndi Lilongwe TTC ku Area 25. TTC ndi ya pulayimale: pulogalamu ya IPTE, zaka ziwiri, polowera ndi MSCE, ndipo poyambira ntchito ndi giredi TL. Nalikule ndi ya aphunzitsi a ku sekondale, ndipo dipuloma ya uphunzitsi wa ku sekondale poyambira pake ndi TJ. Munthu wa digiri akalowera kumeneko ayambe wafunsa kuti adzamulemba pa pepala liti, chifukwa boma limakulembani pa giredi ya ntchito imene munafunsira, osati pa mapepala onse amene muli nawo m'chikwama, ndipo kukwera kuchoka pamenepo kumadikira kuti malo atsatsidwe ndi intavyu.

Mukamaliza njira iliyonse mwa izi, pepala la ku yunivesite si layisensi. Kulembetsa ku Teachers Council ndi sitepe ina payokha, yokhala ndi fomu yake ndi malipiro ake, ndipo layisensi imafuna kukonzanso ikatha nthawi yake. Chimene chimachedwetsa anthu pamenepa kawirikawiri ndi mayina. MSCE inalembedwa dzina la kwa abambo, digiri ili ndi dzina lapakati, chitupa cha unzika chili ndi dzina la kwa amuna kapena chilembo chimodzi chosiyana. Konzani zimenezo ndi kalata yolumbira kwa loya kapena kwa majisitireti mudakali pa sukulu. Pepala la malikisi a TP ndi kalata ya mphunzitsi wamkulu wa sukulu imene munachitirako muzisunge mu fayilo imodzi ndi satifiketi, chifukwa pa intavyu angazifunse, ndipo mphunzitsi wamkulu uja akadzasamutsidwa kupita ku Ntcheu kapena ku Mchinji, kalata ina simudzaipeza msanga.