Stabilizer yakwera mu pool: kukhetsa madzi, kudikira mvula kapena kugula mankhwala?

Amene muli ndi ma pool cha ku Senga Bay kuno, kaya ndi panyumba kaya ndi kaloji kakang'ono, vuto ili mukulidziwa: klorini mukuthira daily koma madzi akungochita mbuu, ndere zayamba kumera m'makona ndi pa masitepe. Nthawi zambiri si pampu kapena fyuluta ayi, ndi stabilizer. Dzina lake lenileni ndi cyanuric acid, CYA, ntchito yake kuteteza klorini kuti isathe msanga ndi dzuwa, ndipo ndi dzuwa la ku Salima la mu Okutobala imafunikadi. Koma ikachuluka klorini imafooka. Mlingo wabwino ndi 30 mpaka 50 ppm (ppm ndi mamiligalamu pa lita imodzi ya madzi), ikafika 100 ndiye mwayamba kutaya ndalama.

CYA imachokera ku matabuleti a klorini aja timaika mu kachoyandama. Ali ndi trichlor, klorini wokhala kale ndi stabilizer, ndipo pa 10 ppm iliyonse ya klorini amasiya pafupifupi 6 ppm ya CYA. Klorini imatha, madzi amauma ndi dzuwa, CYA imatsala momwemo. Kungowonjezera madzi pamene aphwera sikuchotsa kanthu.

Musanapange chilichonse yezani bwinobwino. Timapepala toviika tija timanama heavy. Kachubu kokhala ndi kadontho kakuda pansi ndiye kabwinoko, mumathira madzi osakaniza ndi mankhwala ake mpaka kadonthoko kasiye kuoneka, koma kamalekeza pa 100. Kakasonyeza 100 sakanizani madzi a mu pool ndi a pampopi theka ndi theka, yezaninso, yankholo muchulukitse kawiri. Ena mupeza muli pa 180 osadziwa.

Kukhetsa ndi kuthira atsopano ndiye njira yokhayo yosakayikitsa, ndi masamu basi. Mukachotsa theka la madzi CYA yatsika ndi theka. Titenge pool ya mamita 8 kwa 4, kuya 1.5, amenewo ndi malita 48,000. Kuti ichoke pa 120 ifike pa 40 muyenera kusintha malita 32,000 nthawi imodzi. Apa ndiye pali msampha wa ife a m'mbali mwa nyanja. Pansi pathu ndi mchenga ndipo madzi ali pafupi kwambiri, mukakumba dzenje pang'ono chabe ayamba kale kutuluka, makamaka chikwerereni nyanja mu 2024 muja. Pool yopanda madzi imakhala ngati bwato, madzi apansi amaikankha m'mwamba, ya fibreglass imatha kutumphuka ndithu, ya simenti kung'aluka. Ndiye ine ndimati chotsani gawo limodzi mwa magawo atatu, dzazani, pampu iyende tsiku lathunthu, bwerezani. Zimayenda chonchi: 120, kenako 80, kenako 53, kenako 36. Madzi alowa okwana 48,000 m'malo mwa 32,000, eya ndi ambiri, koma kulipira madzi kuli bwino kusiyana ndi kumanganso pool.

Nanga madziwo achokera kuti? A Water Board ndi oyera koma bilu yake muikonzekere. A pamjigo yezani kaye, ena ali ndi chitsulo ndipo mukangothira klorini amasanduka ofiirira ngati tiyi. A m'nyanja ali pafupi, koma amabwera ndi ndere, timchenga komanso nkhani ya likodzo, ndiye asefedwe ndi kulandira klorini wokwanira ana asanalowemo. Otayawo musawalozetse ku nyanja kapena ku dimba klorini akadali wambiri, siyani kuthira masiku angapo ayambe watsika.

Kudikira mvula ndi njira ya anthu odekha, ndipo ine ndimaikonda ngati CYA ili cha m'ma 70 kapena 80. Kuyambira Disembala mpaka Malichi, mukaona kwachita mdima chakunyanja tsitsani madzi pang'ono, chitani backwash yaitaliko (kutsuka fyuluta poyendetsa madzi chobwerera n'kuwataya kunja), mvula idzaze yokha. Ulere. Kuipa kwake imachedwa, ndipo nyengo imeneyi ndi yomwe madzi apansi amakwera, ndiye osatengeka n'kukhetsa kwambiri. Koma ngati muli pa 150 mwezi wa Juni mwera ukuwomba, mvula mudikira mpaka liti?

Tsopano mankhwala aja amalembedwa CYA reducer. Ambiri amagwira ntchito ndi tizilombo kapena ma enzyme oti adye CYA, ndiye amafuna klorini akhale wotsika ndi madzi ofunda. Kufunda tili nako, koma kutsitsa klorini mu pool ya ku Salima kwa sabata yathunthu, magetsi n'kuthimanso pampu itaima, mupeza madzi abiriwira. Ena amati inawathandiza, ena amati sinasinthe olo pang'ono, ndipo muyenera kuitanitsa kunja ndi forex yovutayi. Ine ndalama imeneyo bola ndigulire madzi. Za reverse osmosis, makina okankha madzi mwamphamvu kudutsa pa sefa yothina kwambiri, zimachotsadi CYA popanda kutaya madzi ambiri, ku America kuli magalimoto oyenda nayo makomo, koma kugula makina otero chifukwa cha pool imodzi ndi zosamveka.

Njira iliyonse mungasankhe, matabuleti achoke kaye apo ayi pakatha miyezi ingapo mubwerera pomwepo. Gwiritsani klorini wa ufa wa calcium hypochlorite, monga HTH ija, alibe stabilizer, kungoti amawonjezera calcium ndiye a madzi a pamjigo muziyang'anira zoyera zomata pa matailosi. Werengani pachigubu, pakalembedwa dichlor kapena stabilised musiyeni, ameneyo ndiye amakweza CYA kuposa matabuleti. Podikira kuti itsike, klorini azikhala pafupifupi 7.5% ya CYA yanu, kutanthauza kuti pa 100 mukufunika 7 kapena 8 ppm osati 2. Matabuleti otsalawo asungeni pouma, kutali ndi wa ufayo chifukwa zikakhudzana zimatha kuyaka, mudzawagwiritse ntchito mukamachokapo sabata imodzi.