Timiswachi ta TePe totsukira m'mipata ya mano

Mswachi wamba sufika bwino m'mipata ya mano, komwe matenda a nkhama amayambira kawirikawiri. Timiswachi ta kampani ya TePe tinapangidwira ntchito imeneyi, ndipo timaigwiradi bwino. Kafukufuku wa 2019 wa Cochrane, bungwe lounika zotsatira za kafukufuku wa zaumoyo, anapeza kuti timiswachi ta mtunduwu tingachepetse kutupa kwa nkhama kuposa floss (ulusi wotsukira m'mipata ya mano), ngakhale umboni wake sunali wolimba kwenikweni.

Nkhani yagona pa saizi. Kamswachi kapinki ndi ka mamilimita 0.4, kofiira 0.5, kabuluu 0.6, kobiriwira 0.8. Kakachepa, kamangodutsa osapala mbali za dzino. Kakakula, waya wake umapindika n'kubaya nkhama. Anthu ambiri amafunika masaizi awiri, chifukwa mipata ya mano akumbuyo imakhala yokulirapo.

Kalowetseni mowongoka, osakakamiza, n'kukakankha ndi kukabweza kawiri kapena katatu pa mpata uliwonse, kamodzi patsiku. Mukatha, katsukeni ndi madzi. Timagazi ta masiku oyamba timasonyeza kuti nkhama zinali zotupa kale, choncho musasiye. Timagazito tikapitirira milungu iwiri, kaonaneni ndi dokotala wa mano.

Chodandaulitsa n'chakuti timiswachi tating'onoting'ono timatha msanga, mwina pa mlungu umodzi wokha. Ndipo pa mano othinana kwambiri sitilowa, pamenepo mpofunika floss basi.