Masiku awiri ku Como, Garda ndi Verona ndi kampani yoyendetsa alendo

Mlongo wanga ndi sisitere ndipo akukhala ku Bergamo, kumpoto kwa Italy. Kwa ife a ku Mangochi dzinali si lachilendo, poti a bishopu Alessandro Assolari, oyamba kutsogolera dayosizi yathu, ndi a Alessandro Pagani amene anawalowa m'malo, onse anali a chipani cha Montfort ochokera chigawo chomwecho. Mlongo wangayo atandiitana kuti ndikamuone, ndinamuuza kuti chimene ndikufuna kwenikweni ndi nyanja zawo. Ntchito yanga ndi yoyendetsa alendo pa boti cha ku Nkopola, choncho ndinkafuna kuona mmene anzathu amagwirira ntchito yomweyi. Iye anandilipirira ulendo wa masiku awiri ku kampani ina yaing'ono yomwe imanyamula anthu pa minibasi.

Tsiku loyamba linali la nyanja ya Como, ndipo ndinene msanga kuti linandikhutiritsa. Anati tinyamuka 7 koloko, ndipo 7 koloko yomweyo tinanyamuka, anthu khumi ndi mmodzi. Titafika ku Varenna, mayi wotiperekeza anali atagula kale matikiti a sitima yowolotsa, moti sitinaime pamzere umene unali utatalika mpaka kumsewu. Sitimayo imanyamula anthu ndi magalimoto omwe, ndipo inatiwolotsa kupita ku Bellagio, pamphanda pomwe nyanjayi imagawikana nthambi ziwiri.

Kunena zoona, kukula kwake sikunandidabwitse. Como ndi ya masikweya kilomita 146 okha, pamene yathu imapitirira 29,000. Ukaima pagombe umaona mazenera a nyumba za tsidya lina. Koma ndi yakuya zedi, kupitirira mamita 400, ndipo mapiri amatsikira m'madzi mwenimweni, nyumba zitakanirira m'mapirimo ngati zisa za mbalame. Mchenga wa lekaleka ngati wathu kulibe.

Chimene chinandigwira mtima ndi mayi uja. Atamva kuti ndimayendetsa boti, anasiya zimene amalakatula tsiku ndi tsiku n'kuyamba kundifotokozera za mphepo. Anati m'mawa imaomba yochokera kumpoto yotchedwa Tivano, ndipo dzuwa likapendeka imabwera ya kummwera, Breva. Kale amalonda a ngalawa za matanga ankatsika ndi ina n'kubwerera ndi inzake. Ndinamuuza za mpoto ndi mwera, ndi mmene mwera umatitsekera pagombe m'miyezi yozizira, asodzi n'kumangosoka maukonde. Anatulutsa kabuku n'kulemba mawu awiriwo. Ndi pamene ndinadziwa kuti munthuyu amaikonda nyanja yake, sikuti akungofuna malipiro.

Nkhomaliro inali mkati mwa mtengo wa ulendo. Anatipititsa ku kalesitilanti ka banja, kamatebulo ochepa, pamwamba pa makwerero amiyala. Atabweretsa mbale ndinaiyang'ana nthawi yaitali ndisanadye. Munali nsomba ziwiri zouma zowotcha, atazithira mafuta a olivi ndi viniga, pambali pake chigamphu cha polenta, yomwe ndi nsima ya ufa wa chimanga chachikasu, ataidula n'kuiwambanso pamoto. Nsombazo amati missoltini. Amazigwira cha mu Meyi ndi Juni, n'kuzithira mchere, kuziyanika padzuwa, kenako kuzipanikiza m'zitini pamodzi ndi masamba onunkhira. Ndinakumbukira thandala la mayi anga ku Makawa, utaka uli mbwee padzuwa. Mchere unachuluka kuposa mmene ife timakondera, koma fungo lake linali lakwathu ndithu. Alendo a ku America omwe tinali nawo ankazijambula ngati chinthu chamtengo wapatali, ndipo mwini lesitilanti ankafotokoza monyadira za msodzi amene amamugulitsa. Kwathu alendo timangowapatsa chambo, usipa ndi utaka timaziona ngati zosayenera kuika pamaso pa mlendo. Zimenezi ndakhala ndikuzilingalira chibwerereni.

Tsiku lachiwiri ndi limene ndili nalo ndi dandaulo. Anasintha wotiperekeza osatiuza, kunabwera mnyamata amene diso lake linali pa wotchi basi. Ku Sirmione, pa nyanja ya Garda, yomwe ndi yaikulu kuposa zonse m'dzikolo, tinaona linga la banja la Scaligeri la zaka za m'ma 1200, lozunguliridwa ndi madzi mbali zonse. Ndi lokongola. Koma mabwinja a nyumba yaikulu ya Aroma otchedwa Grotte di Catullo, omwe ali kunsonga kwa ndomo pakati pa mitengo ya olivi, sitinakafikeko, ngakhale analembedwa papepala la ulendo. Anati nthawi yatha.

Kumzinda wa Verona ndiye kunandipweteka. Bwalo la Arena linamangidwa m'zaka 100 zoyambirira Yesu atabadwa, linkalowa anthu pafupifupi 30,000, ndipo kuyambira 1913 amachitiramo zoimbaimba m'nyengo yotentha. Ndinkafuna kukwera mpaka mzere wapamwamba, ndikhale pamwala umene anthu akhalapo kwa zaka pafupifupi 2,000. Tinangopatsidwa mphindi 20, ndipo tikiti yolowera sinali mkati mwa mtengo, zomwe sanatiuze polipira. Chonsecho ola lathunthu linathera pakabwalo kena kopanikizana, anthu akulimbirana kujambulitsa pansi pa khonde lomwe amati ndi la Juliet wa m'sewero la Romeo ndi Juliet, kenako m'sitolo ya zikumbutso momwe zinkaonekeratu kuti mnyamatayo amadziwana ndi eni ake. Chakudya cha tsikuli tinalipira tokha. Dziwani kuti m'malesitilanti ambiri amawonjezera coperto, kandalama ka munthu aliyense wokhala patebulo, ngakhale musanaitanitse kanthu. Ndi mwambo wawo ndipo amalemba pa menyu, koma wotiperekeza wabwino akanatichenjeza.

Madzulo mlongo wanga analembera kampaniyo. Anayankha mwaulemu tsiku lotsatira, kupepesa, koma sanabweze kalikonse.

Kwa amene mungapeze mwayi wofika kumeneko, ulendo wa ku Como lipirani mosakayika, ndipo funsiranitu dzina la amene adzakuperekezeni komanso ngati matikiti olowera m'malo ali mkati mwa mtengo. Ku Verona pitani nokha pa sitima yapamtunda kudzera ku Brescia. Ndi mmene tinachitira ndi mlongo wanga patapita masiku atatu. Tikiti yapepala muidinditse pa kamakina ka pasiteshoni musanakwere, apo ayi amalipitsa chindapusa. Tinalowa mu Arena m'mawa anthu asanachuluke, tinakwera mpaka pamwamba, ndipo tinakhala pamenepo mpaka mabelu a m'matchalitchi analira 12 koloko.