Zida zatsopano za suspension pa Mustang yanga ya 1967: ndemanga patatha miyezi 14

Zida za suspension zimenezi, zija zimalumikiza matayala ku bodi ya galimoto n'kumameza mabampu, ndazipatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu. Imodziyo ndachotsa chifukwa cha masipuling'i akutsogolo komanso kapepala ka malangizo kamene kanabwera m'katoni.

Galimoto yake ndi Ford Mustang ya 1967 yokhala ndi injini ya 289 V8. Ndinaigula kwa bambo wina wachikulire cha ku Mishawaka, amene anaisunga m'garaja zaka zambiri osaiyendetsa. Ine ndimakhala ku South Bend, m'boma la Indiana, tauni imene anthu ake amakondabe galimoto zakale ngakhale fakitale ya galimoto za Studebaker inatsekedwa mu 1963. Vuto langa linali lakuti galimotoyo inkayenda ngati yaledzera.

Ukaponda buleki, mphuno inkagwera pansi. Ukakhota, bodi yonse inkapendamira kunja mpaka tayala lakutsogolo kulira. Ikagunda bampu imodzi inkadumpha katatu isanakhazikike. Apongozi anga atabwera kudzacheza kuchokera kumudzi tinawatenga ulendo wa ku New Buffalo kuti akaone nyanja ya Michigan. Njira yonse anakhala chete kumbuyo atagwiritsa mpando. Titafika sanandiuze ine, anafunsa mwana wawo motsitsa mawu: "Kodi bambo ake a ana agula galimoto kapena bwato?" Sabata yomweyo ndinayamba kufufuza zida.

Poyamba mtima unali pa ma coilover, ma shock ozunguliridwa ndi sipuling'i yake, aja amabwera ndi ma control arm (mikono yachitsulo yogwira tayala) a mapaipi onyezimira. Pa zithunzi amakoka maso, koma mtengo wake ndi madola masauzande angapo, ndipo ena amafuna kudula ndi kuwotcherera zitsulo za galimoto, moti ukasintha maganizo pambuyo pake palibe kubwerera. Amene anandiletsa ndi mnzanga wina wa kutchalitchi, makaniki wa zaka zambiri. Anagona pansi pa galimoto ndi tochi, nagwedeza tayala ndi manja awiri, n'kunena kuti: "Achimwene, musanagule zodula, yambani mwaona mmene galimotoyi imayendera zitsulo zake zikakhala zamoyo. Apa zonse zinafa kalekale." Mabushi a labala anali atang'ambika ngati chikopa chouma, ma ball joint (mfundo zimene tayala limatembenukirapo) ankagwedera, ndipo shock imodzi yakumbuyo inalibe mafuta ndi dontho lomwe.

Ndiye ndinagula zida zapakatikati kwa ogulitsa ena a pa intaneti: ma control arm apamwamba ndi apansi okhala ndi ma ball joint atsopano, masipuling'i akutsogolo a 620, sway bar (ndodo yoletsa bodi kupendama pakona) ya inchi imodzi, masipuling'i amasamba akumbuyo a mtundu wa mid-eye amene amatsitsa galimoto pafupifupi inchi, mabushi, ndi mabawuti ake. Ma shock ndinagula padera, a Bilstein. Ndinawonjezeranso export brace ndi Monte Carlo bar, zitsulo ziwiri za m'chipinda cha injini zimene zimagwira nsanja za ma shock, mbali za bodi pamene ma shock amamangidwa, kuti zisamapindikire m'kati.

Chimene chinasintha galimoto kwambiri sichinali m'katoni yaikuluyo ayi. Chinali kachitsulo kafulati kokhala ndi timabowo tinayi, kotsika mtengo kuposa nkhomaliro ya anthu awiri. Ndi kolozera pobowola pochita chimene amachitcha Shelby drop, ena amati Arning drop potengera Klaus Arning, injiniya wa ku Ford amene anachiganiza. Carroll Shelby, katswiri wa galimoto za mpikisano, anachigwiritsa ntchito pa ma GT350 a 1965, ma Mustang aliwiro amene iye ankakonza. Nkhani yake ndi iyi. Mustang ya zaka zimenezi ikakhota, tayala lakunja limapendama mutu wake n'kulozera kunja, kotero limayendera m'mphepete m'malo moponda pansi ndi nkhope yonse. N'chifukwa chake galimoto imakana kukhota, imangofuna kupita molunjika, matayala n'kumatha mbali yakunja yokha. Ukabowola mabowo atsopano pa nsanja ya shock ndi kutsitsa pamene control arm yapamwamba imamangidwa ndi inchi imodzi, tayala lija limayamba kuimirira bwino pakona. Galimoto imatsikanso pang'ono kutsogolo, mwina theka la inchi. Inchi imodzi basi, osapyola. Ukatsitsa kwambiri popanda zida zina zowongolera, ball joint imafika pothera ulendo wake n'kumakakamizika, ndipo ikhoza kuthyoka uli pamsewu.

Kubowola galimoto ya zaka zoposa 50 kumafuna mtima. Ndinayeza kanayi, dzanja likunjenjemera, mnzanga uja akundiseka kumbali.

Tsopano za masipuling'i a 620. Amenewa ndi masipuling'i olimba kwambiri. Ogulitsa amawalemba kuti ndi oyenera msewu wamba komanso mpikisano. Mwina kumwera kwa Arizona, kumene misewu siiona chisanu kawirikawiri. Kuno dzinja likatha, madzi aja amene analowa m'ming'alu n'kuundana amasiya maenje ndi mizere yotumphuka paliponse. Ndi masipuling'i amenewa, mzere uliwonse wa pa State Road 933 unkafika m'mano. Kabokosi ka kutsogolo kankatseguka kokha. Tsiku lina khofi wa mayi akunyumba anathera pa diresi tikupita ku ukwati, ndipo sindikufuna kubwereza zimene ndinamva. Choipa kwambiri n'chakuti pakona yokhala ndi mabampu galimoto inkadumphira m'mbali, chifukwa tayala silinkatsata msewu, linkauluka pamwamba pake. Ine ndinkaganiza kuti kulimba ndiye kugwira msewu. Pa bwalo la mpikisano losalala mwina n'zoona, koma pa msewu wopita ku Elkhart si choncho.

Patatha miyezi itatu ndinawachotsa n'kuika a 480, ofewerapo. Ntchito yobwereza imeneyi ndi imene yadya nyenyezi ija, chifukwa kuchotsa sipuling'i pa Mustang si masewera. Imakhala pamwamba pa control arm yapamwamba, m'kati mwa nsanja, ndipo umayenera kuifinya ndi chida cholowera kumwamba utachotsa shock. Chidacho chikaterereka, sipuling'i imatuluka ndi mphamvu yotha kuphwanya nsagwada. Musabwereke chofinyira chotha mano, ndipo musaike nkhope pamzere wake. Ndi a 480, sway bar ya inchi imodzi ija ndi imene imagwira bodi kuti isapendame, masipuling'i n'kumachita ntchito yawo yomeza mabampu. Ogulitsa akanalemba zoona zokhazokha pa tsamba lawo, ndikanasankha amenewa poyambirira.

Ma shock a Bilstein sindiwadandaula. Galimoto ikagunda bampu imakwera, kutsika, n'kukhala. Kamodzi. Pa maenje ang'onoang'ono sagogoda ngati ma shock ena a gasi amene ndinawamvapo pa galimoto ya mnzanga. Patha miyezi 14, palibe kudontha.

Kumbuyo kunatidyera Loweruka lathunthu chifukwa cha bawuti imodzi, ya kutsogolo kwa sipuling'i yamasamba ya kumanzere. Inali itamerera m'kati mwa bushi ndi dzimbiri, chizindikiro chakuti galimotoyi inaonapo mchere wa m'misewu ya dzinja isanalowe m'garaja. Tinathira mafuta, tinawotcha, tinamenya ndi hamala, osasuntha. Mapeto ake tinaidula ndi sowo mbali zonse ziwiri. Ngati mukuyamba ntchitoyi, gulirani mabawuti atsopano ndi malezala a sowo musanakweze galimoto pa jeke. Masipuling'i atsopanowo anakhala bwino, msana wa galimoto unalingana mbali zonse, ndipo kudumphadumpha kwa matayala akumbuyo ponyamuka mwamphamvu kunachepa. Koma paipi ya utsi inayamba kugunda ekisulo pa mabampu akuluakulu popeza galimoto yatsika, ndiye ndinakaipinditsa pang'ono.

Kapepala ka malangizo kanali kochititsa manyazi: tsamba limodzi, zithunzi zakuda zosaoneka, ndipo sikanatchule chinthu chofunika kwambiri, chakuti mabawuti a mabushi a labala amamangidwa komaliza galimoto itaima pa matayala ake. Ukawamanga ili m'mwamba, labala imapotoka ikangotsika ndipo singakhalitse. Ine ndinadziwa chifukwa cha makaniki uja. Munthu wogwira yekha akanawononga mabushi atsopano osadziwa.

M'katonimo munalinso mabushi ofiira a polyurethane a pa strut rod, ndodo ija yochoka ku control arm yapansi kupita kutsogolo. Amenewo sindinaike. Ndodoyo imayenera kukwera ndi kutsika pamodzi ndi tayala, ndipo bushi ikalimba kwambiri, chimene chimapindika ndi chitsulo cha ndodoyo, mpaka tsiku lina kuthyoka. Eni Mustang akale amachenjezana za ichi kawirikawiri. Ndinaika a labala. A polyurethane ndinawasiya pa sway bar pokha, ndipo kukazizira amalira ngati mbewa mpaka utapaka girizi.

Mawu ochepa pa alayimenti, chifukwa apa ndi pamene ambiri amataya phindu la ndalama zawo. Malo oyamba amene ndinapita, mnyamata anatsegula kompyuta, napeza manambala a kufakitale a 1967, n'kuika omwewo. Manambala amenewo anali a matayala akale a bias-ply, ndipo caster yake (kupendekera kumbuyo kwa mzere umene tayala limatembenukirapo, kumene kumabweza chiwongolero pakati) ndi yochepa kwambiri. Ine ndili ndi ma radial, matayala amakono. Pobwerera pa US 31 galimoto inkayendayenda mumsewu, chiwongolero osabwerera chokha ndikamaliza kukhota. Ndinafotokoza, iye anati kompyuta yawonetsa zobiriwira ndiye zili bwino. Malo achiwiri ndinapita nditalemba manambala anga papepala: caster madigiri atatu positive, camber theka la digiri negative (mutu wa tayala kupendamira m'kati pang'ono), toe-in ya 1/8 inchi (kutsogolo kwa matayala kuyandikana pang'ono). Bambo wa kumeneko anangoyang'ana pepala n'kugwedeza mutu kuvomereza. Pa Mustang ya 1967 caster imasinthidwira pa strut rod ndipo camber pa bawuti ya control arm yapansi, osati ndi timashimu ngati pa za 1965 ndi 1966, ndiye funsani kaye ngati munthuyo anagwirapo galimoto yotere. Dziwaninso kuti caster ikachuluka chiwongolero chimalemera poimika galimoto. Yanga ilibe power steering, ndipo pa malo oimikapo magalimoto ndimatuluka thukuta. Ndiponso musathamangire alayimenti yomaliza tsiku lomwelo. Masipuling'i atsopano amakhazikika pang'ono mukayenda nawo masabata angapo.

Lero ndimayenda pa Red Arrow Highway dzanja limodzi lili pawindo. Pakona zimene kale ndinkatsika mpaka mamailosi 25 pa ola, pano ndimadutsa pa 40 matayala ali chete. Atsogolo akutha mofanana mbali zonse. Siinasanduke galimoto yamakono: ekisulo yakumbuyo ikadali chitsulo chimodzi, tayala lina likagwa m'dzenje linzake limamva, ndipo pakati pa chiwongolero pali kampata kamene kakuchokera m'bokosi la sitiyaring'i, osati ku suspension. Bokosilo ndilo ntchito ya dzinja likubwerali, pamodzi ndi mabuleki akutsogolo amene akadali a dilamu.

Kwa amene akufuna kukathamanga pa bwalo Loweruka lililonse, ma coilover angakhale ndi malo ake. Kwa ine, amene ndimangopita kunyanja ndi ku ziwonetsero za galimoto chilimwe chikafika, zida izi zakwana, ndipo ndalama yonse sinafike theka la zimene ndikanalipira. Masipuling'i a 620 aja ali pa shelefu m'garaja, anayenda miyezi itatu yokha. Amene ali ndi misewu yosalala ndi msana wolimba abwere adzatenge.